Kamwala ka pabwinja la eni

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ndine Zakeyu wanu, uja munkati ndinabadwa ndi nkhope ya munthu wopita kumlandu. Kuno tili bwino, bondo lokha ndilo likundichitabe mwano. Chimanga chachita bwino ku Bowe konse, mtedzanso takumba wambiri, koma fodya anang'ambidwa ndi matalala. Mdzukulu wanu Rozina ali ndi mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Elena, ndipo amakwinya pamphumi monga munkachitira inu posankha nyemba.

Nkhani yaikulu ndi ya Filipo, mwana wa mlongo wanga Malita, uja munkamubisira nthochi mumtsuko. Kusukulu yake ya uphunzitsi anawatenga pasitima mpaka ku Rodeshiya wa Kumwera, akuti poti tsopano tili mu Chitaganya akaone za anzathu. Ine Chitaganyacho sindichifuna, koma mwanayo wabwera ndi nkhani yomveka. Akuti kuli bwinja lalikulu lotchedwa Zimbabwe. Malinga ake ndi a miyala yongosanjikiza, popanda dothi kapena simenti, ndipo ndi aatali kuposa tchalitchi cha kumishoni. Tinjira take n'topanikiza, moti mng'ono wanga Yosefe ndi mimba yake ija akhoza kukaniriramo. Mzungu wowaonetsa malowo anati anamanga ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Filipo atafunsa maina awo, anayankhidwa kuti palibe akuwadziwa.

Ndiye wandibweretsera kamwala kotuwa kokwana m'dzanja. Akuti, "Amalume, ndakutengerani Zimbabwe." Ndinamufunsa ngati anapempha kwa eni ake. Anaseka nati, "Eni ake ati? Ngakhale maina awo anaiwalika." Pamenepo ndinakumbuka mawu anu akuti pabwinja sutola ngakhale phale, chifukwa eni ake anachoka ndi miyendo yokha, maso anawasiya pomwepo. Ndinamukalipira, Amayi, mpaka mwana anagwetsa nkhope. Koma atachoka ndinatsala ndi mawu ake aja, akuti maina anaiwalika.

Paja sindinakuuzeni za Yosefe. Inu mukudziwa kuti ine ananditulutsa mu Sitandade 2 kuti ndikawete ng'ombe za amalume, iye n'kupitirira mpaka 6. Sindikukuimbani mlandu, munalibe mawu pa zimenezo. Koma sukulu yakeyo ndiyo yamuuza kuti bwinja lanu la m'tsinde mwa phiri lili ndi nthaka yabwino chifukwa cha phulusa lanu, ndipo mvula ikagwa adzalimapo fodya. Mafuwa anu atatu akadali pomwe munawasiya. Nditamuletsa anati, "Achimwene, bwinja si manda." Akadzalimapo, kamwana ka Rozina kadzamva kuti panali fodya chiyambire.

Tsono ndayamba kututa miyala kuphiri, ndikumanga linga kuzungulira pamene panali nyumba yanu. Loyamba linagwa, n'kutsala pang'ono kundiphwanya chala. Filipo ndiye anabwera kudzandionetsa zimene anaona: pansi pakhale potakata, pamwamba pochepa, mwala uliwonse ugone pa iwiri inzake. Tsopano lafika m'mawondo. Yosefe anabwera n'kuima manja m'chiuno, nati, "Nanga khasu langa lidzadutsa pati?" Ndinamuuza kuti lidzadutsa pamsana panga. Anatembenuka n'kumapita. Koma dzulo mkazi wake Nabanda anafika atasenza mphero yanu ija, imene anatenga maliro anu atatha. Anaitula pakati pa linga, n'kupukuta manja, n'kubwerera kwawo. Kaya anamutuma ndi mwamuna wake, kaya anangodzituma yekha, sindikudziwa.

Kamwala ka eni aja sindinakaike m'linga lanu. Ndakakulunga m'nsalu, ndidzapatsa wina wopita kuntchito ku Rodeshiya kuti akakasiye kwawo. Inu mukakumana nawo eni akewo kumeneko, muwapepesere m'malo mwa Filipo, anatola chifukwa chondikonda ine. Muwafunsenso maina awo, pakuti inu simunkalola mlendo kuchoka pakhomo musanadziwe kwawo ndi mfunda wake.

Ndimakukondani, Amayi. Linga ndilimaliza mvula isanagwe, bondo lifune lisafune. Khomo ndidzalisiya kum'mawa monga linalili lanu, ndipo Elena akadzayamba kuyenda ndidzamulowetsa pamenepo ndekha, ndimuuze dzina la mwini wake.

Ndine mwana wanu,
Zakeyu