Dzanja la Bambo pa Tebulo Lowotcherera

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndamva kuti Bambo anakuuzani pa foni kuti apuma pa ntchito mwa kufuna kwawo. Sizinayende choncho, ndipo amene ndili pakati pa nkhaniyi ndine.

Paja mukudziwa kuti batire la galimoto yamagetsi ndi timabatire tambirimbiri tolumikizidwa ndi timizere tachitsulo, ndipo ndi Bambo amene anandiphunzitsa kuwotcherera timizereto kufakitale komwe timagwira ntchito limodzi. Chaka chino akuluakulu anandiika poyesa ntchito ya anzanga. Ndimakoka kamzere ndi pulayala. Ngati kagwira bwino, chitsulo chimang'ambika koma powotchererapo sipamatuka. Ngati kangonamizira, pamatentha galimoto ikamayenda, mpaka moto ukhoza kubuka pansi pa mipando ya anthu.

Sabata yatha timizere ta pa tebulo la Bambo tinayamba kumatuka ngati nkhanambo. Nditaima kumbuyo kwawo ndinaona dzanja lamanja likunjenjemera, iwo akulipanikiza ndi lamanzere kuti kapitawo asaone.

"Bambo, tiyeni kuchipatala," ndinawanong'oneza.

"Iwe yang'ana ntchito yako, mwanawe," anayankha osacheuka.

Ndinayang'anadi ntchito yanga. Ndinakauza kapitawo, ndipo mabatire onse a Bambo anabwezedwa n'kutsegulidwa anthu akuona. Bambo anavula magolovesi, anapukuta tebulo lawo bwinobwino monga amachitira masiku onse, n'kutuluka, ntchito itawathera pomwepo.

Kunyumba sanandikalipire, bola akanatero. Amangondifunsa ngati makina owotcherera apakona kuntchito kuja asiya kulavula moto. Dzulo kapu ya tiyi inawapulumuka. Nditawerama kuti nditole, anati, "Siya, zimenezi ndiye ndingathebe."

Mabatire amene aja sindikanalola kuti atuluke, Achemwali, ngakhale lero. Koma ndikanadikira tifike kunyumba, ndiwagwire mwendo, akadzinenere okha kwa kapitawo n'kuchoka ndi ulemu wawo. Ndinachita phuma chifukwa mawu awo aja anandipsetsa mtima.

Chonde bwerani, mwina inu akumverani za kuchipatala. Musawaonetse kuti mukudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo ali pakhonde, manja apisa m'thumba. Ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ati ndikuuzeni kuti mng'ono wanu akugwira ntchito bwino, musamudere nkhawa.

Ine mng'ono wanu.