Kaseti ya Maliro a Atate

Mtendere, Lusaka
14 Ogasiti 1987

Wokondedwa mlongo wanga Whyson,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Vilnius pamodzi ndi mlamu wanga Daiva. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno ana ali bwino, atate awo akupitabe kuntchito. Amene sali bwino ndi amayi, ndipo wawadwalitsa ndiwe.

Atate atamwalira chaka chatha unalephera kubwera, ndipo tinamvetsa. Kumeneko si ku Chipata koti n'kungokwera basi. Ndiye tinabwereka wailesi ya kaseti kwa ba Mwape, tcheyamani wa chipani mdera lathu lino, n'kujambula maliro kuti nawenso ulire nafe. Tinatumizira iwe, mwana wam'nyumba. Sitinatumizire dziko lonse la Lithuania.

M'makalata ako sutopa kutama mkazi wako. Akuti ali mwana ankatchera khutu ku mawaya a magetsi. Akuti anaphunzira piyano n'kuisiya, ndipo masiku ano amadula matepi ndi lumo, kulumikiza phokoso la chitseko, la madzi, la makina, basi nyimbo yatha. Akuti akuluakulu ankamukaniza m'maholo, lero omwewo ndi amene amupatsa mphoto. Ine ndinkangoseka, n'kumati bola ali pantchito. Sindinadziwe kuti lumo lakelo lidzafika ku Mtendere.

Kaseti ya nyimbo yopata mphotoyo itafika, amayi ananyada. Anaitana azimayi a Chigwirizano kuti adzamve ntchito ya mpongozi wawo. Tinayala mphasa panja, ba Mwape anabwera ndi mabatire atsopano.

Poyamba kunangomveka zitsulo, ngati chigayo chikutha mphamvu. Ba Salome, mnzawo wa amayi uja, anafunsa ngati wailesi yatafuna tepi, tonse tinaseka. Kenaka tinamva mawu a amayi. Akulira, akufunsa malemu atate athu, atate a Mainess, kuti awasiyira yani. Mawu omwewo kubwerezabwereza, pena kuwakoka mpaka kumveka ngati mwamuna, pena kuwaduladula ngati munthu wachibwibwi. Itatha nyimboyo, azungu anaomba m'manja nthawi yaitali.

Palibe anayang'ana mnzake. Azimayi ananyamuka mmodzimmodzi, aliyense akuti wasiya mwana yekha kunyumba. Ba Mwape anatulutsa kaseti n'kungoti ivi ni vinthu va manyazi maningi, ulendo ndi wailesi yawo.

Whyson, unakulira kuno. Ukudziwa kuti tikameta maliro, kulira kwatha. Tinameta, amayi anavula zakuda, anabwerera kumsika kukagulitsa nsomba zawo za kapenta. Tsopano akuti anameta pachabe. Iwo ali kuno, koma kwanuko akulirabe, nthawi iliyonse munthu akadina batani.

Anandifunsa kuti akamalira m'holo mwanumo, kodi pamakhala mayi amene amawagwira kumsana monga anachitira ba Salome pamaliro paja? Kapena onse amangokhala pamipando, kudikira kuti aombe m'manja?

Daiva sindikumuimba mlandu waukulu. Iye samva Chinyanja, mwina kwa iye anangokhala mawu okoma ngati a chitseko chakecho. Koma iwe umamva liwu lililonse. Tepiyo unaipereka ndi dzanja lako, ndipo pachikuto alemba dzina lako kuti unathandiza. Boma linakutumiza kukaphunzira zamagetsi kuti udzatiunikire, si kukayanika misozi ya amako pagulu. Ndakwiya nawe, ndipo ndikuchita manyazi kudutsa pampopi.

Amayi asiya kupita kumsika. Kutchalitchi amangokhala, saimba. Chakudya amangochinyema n'kukankha mbale, ndipo miyendo yayambanso kutupa.

Dzulo anandiitana kuchipinda. Anandiuza kuti ndilumbire kuti tsiku lawo likadzafika, ndisadzakutumizire uthenga mpaka titameta, kuopa kuti ungadzafune kaseti ina.

Sindinalumbire. Ndinanamizira kuti kunja kuli wondiitana. Koma umawadziwa amako, adzandifunsanso.

Ndiye ndikukupempha, ndine mkulu wako, ndinakubereka kumsana ine. Uza mkazi wako achotse mawu a amayi m'nyimbo yake, ngakhale mphotoyo aibweze. Tepi yathu ubwere nayo wekha, udzaiike m'manja mwawo utagwada. Usatumize papositi, usatumizenso chithunzi cha maluwa ngati unachitira pa maliro a atate.

Ngati kuomba m'manja kwa azungu kukukomera kuposa zimenezi, undiuze msanga osazungulira. Ndidzalowa m'chipindamo n'kulumbira, ndipo za imfa ya amayi udzamva kwa anthu odutsa.

Mulungu akusunge ndi kukutsegula makutu. Umupatse moni Daiva, ndipo umuwerengere kalatayi m'chinenero chake osadumpha mzere. Ana akupereka moni kwa amalume awo. Amayi ndinawafunsa, sanapereke.

Ndine mlongo wako,
Mainess