Apongozi Apitirira ndi Makilo 40

Aphungu,

Funso langa ndi la galimoto, osati la banja, choncho musandiyambire ulaliki.

Ndimachita nawo mipikisano ya magalimoto a m'matope. Yanga timaitcha Nguluwe. Anaipanga ndi apongozi anga, a Yapin, bambo ake a mkazi wanga Dorinah, kuchokera ku zitsulo za magalimoto atatu akufa. Ine ndimangoyendetsa. Iwo injini amaimva ndi khutu. Ndikamabwera chapatali amakhala atadziwa kale chomwe ndawononga, ndipo amandilandira ndi sipanala m'manja, chipongwe pakamwa. Zaka zisanu ndi zinayi takhala tikupita limodzi ku mpikisano uliwonse, Nguluwe ili pangolo kumbuyo kwa pikapu, ife n'kumagona m'tenti yodontha.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Anachira, koma mwendo wakumanzere amachita kuukoka. Kugona pansi sangathe, kunyonyomala patchire ndiye musanene. Dorinah ananena mosapita m'mbali kuti bambo ake sapitanso kutchire pokhapokha pakhale bedi ndi chimbudzi chokhalira. Ndiye ndinapita kwa wowotcherera zitsulo n'kumangitsa kanyumba pamsana pa pikapu. Aphungu, mukanakaona! Muli bedi, chimbudzi, fani, firiji, thanki ya madzi ya malita 200, ndi malo a chisipika changa cha karaoke, chifukwa msasa wopanda nyimbo ndi ndende. Apongozi atakaona anagona pabedipo nsapato zili kuphazi, n'kunena kuti, "Kumwamba kukakhala chonchi, ndivomera kupitako."

Buku la pikapu limati imakoka matani atatu. Nguluwe ndi ngolo yake sizifika n'komwe pamenepo, choncho ine mtima unali m'malo. Koma apongozi ndi munthu wosakhulupirira buku. Anaumirira kuti tikayeze pa sikelo ya malole, pamene amagulira kanjedza wamafuta panjira ya ku Sook. Tinapakira matayala anayi apadera, ekiselo, giyabokosi, jenereta, chisipika, thanki n'kuidzaza. Tinaimika pikapu pasikelo, ngolo ili yokolekedwa koma matayala ake ali kunja. Ndinauza Salmiah, mayi wa pasikelopo, malire a kulemera olembedwa pachitseko cha galimoto. Anayang'ana makina ake, n'kusuzumira pawindo, nati, "Achimwene, mwapitirira ndi makilo 40. Mwabisa ndani m'kanyumbamo?"

Nthawi yomweyo apongozi anatsika kuti awongole mwendo. Salmiah anakuwa, "Eee, tsopano muli bwino! Mpaka chenje chatsala!"

Madalaivala a malole omwe ankadikira kumbuyo kwathu anafa nalo phwete. Nanenso, Aphungu, pakamwa panga palibe mabuleki. Ndinati, "Mwamva, apongozi? Vuto si galimoto, ndi chimimba chanucho. Kapena tikumangeni ndi malamba pangolo limodzi ndi Nguluwe?" Musandiweruze msanga. Ife timanyozana chonchi tsiku ndi tsiku, iwo amanditcha Mphwanyazitsulo ngakhale pakhomo pa tchalitchi. Ndinkadikira kuti andibwezere. M'malo mwake anangofunsa kuti, "Mpikisano watsala masiku angati?" Ndinati 24. Anati, "Chabwino," n'kukwera.

Papita masiku asanu ndi anayi asanaponde kugalaja. Dorinah akuti akukana mpunga, akukana nkhumba, ngakhale khofi wa mkaka wotsekemera amene sankamuphonya m'mawa. Akungodya nkhaka ndi masamba owiritsa. Anabwerekanso kasikelo ka m'bafa kwa aneba, ndipo m'mawa uliwonse amakwerapo. Ine ndikuona kuti akungofuna kundichititsa manyazi, kuti dera lonse lidziwe kuti mkamwini anawanena. Dorinah naye sakundiyankhula, kupatula pondiuza kuti gasi watha.

Njira ndikuziona zitatu. Ndichotse kanyumba tibwerere ku tenti, kutanthauza kuti iwo atsale. Kapena kanyumba kakhale koma iwo atsalebe, ine ndi Dorinah tizigonamo ngati mabwana, za injini azindiuza pafoni. Kapena ndigulitse pikapu ndipeze kalole konyamula zonse, zomwe sizingatheke mpikisano wa ku Kota Belud usanafike. Anzanga akuti makilo 40 si kanthu, ndingoika masipuling'i olimba n'kutsinzina. Inu munayendetsapo malole, tandiuzeni.

J.S., Keningau

A J.S.,

Kalata yanu ndailumphitsa mzere, ndipo chifukwa chake muchimva. Mwati ndisalalikire. Chabwino, tiyambe ndi zitsulo, poti ndi zomwe mumamva.

Bukulo munangowerenga tsamba limodzi. Zimene galimoto imakoka ndi zina, zimene imasenza pamsana ndi zina. Kanyumba kanu kali pamsana. Inuyo muli pamsana. Ngakhale ngoloyo, mphuno yake imakanikiza pikapu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake konse, kapena kuposerapo. Ndiponso makilo 40 aja musawakhulupirire. Dorinah sanali m'galimoto, chakudya munalibe, zigubu za petulo simunazitchule n'komwe. Tsiku la ulendo mudzakhala mutapitirira ndi oposa 150.

Anzanu a masipuling'iwo asiyeni. Sipuling'i imangowongola msana kuti wapolisi asakayikire, koma mabuleki ndi matayala amakhala omwe aja. Ine ndatsitsa malole pa zitunda zopita ku Kimanis zaka khumi ndi zisanu, ndipo fungo la buleki yopsa ndimalidziwa kuposa la mwamuna wanga. Ndinaonapo ngolo ikupitirira galimoto yomwe inkaikoka. Eni ake sanafike ku mpikisano.

Tsopano, poti munasankha kuyeza zinthu ndi apongozi anu, tiyeni tiyeze nawodi. Tinene kuti amalemera makilo 100. Madzi malita 200 ndi apongozi awiri. Mukupita ku Kota Belud, kodzaza mitsinje ndi mipopi, mutasenza madzi a ku Keningau kukwera nawo phiri ngati kuti ndi odalitsidwa. Khuthulani, musiye ongokwanira chimbudzi panjira, mukadzaze mukafika. Ekiselo ndi giyabokosi ndi apongozi mmodzi ndi theka. Zipite pangolo, pamwamba penipeni pa matayala ake, ngati sikelo ikuti ngoloyo ikadali ndi mpata. Apo ayi mupatse mnzanu amene akupita chimanjamanja. Koma musasunthire Nguluwe kumbuyo pofuna kupeputsa mphuno, ngolo idzayamba kuvina pamsewu. Chisipika ndi jenereta yake ndi theka la apongozi, ndipo sindinamvepo kuti karaoke yakonza injini. Firiji ingathe kuyendera batire. Mwaona? Tatsitsa apongozi anayi popanda kutsitsa a Yapin.

Kanyumba kasachoke, ndi chinthu chokhacho chanzeru chomwe mwachita m'nkhani yonseyi. Kalole ndi ganizo labwino la chaka chamawa, mukadzalifuna modekha. Ngolo ikhale ndi mabuleki akeake ogwira, ndipo muwayese musananyamuke. Potsika phiri lowetsani giya yaing'ono mukadali pamwamba, osati mutamva kale fungo.

Zitsulo zatha. Tsopano ulaliki uja, mufune musafune.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko sindinaseke. Munthu wofuna kukuchititsani manyazi sakwera sikelo yekha m'bafa chitseko chili chotseka. Amapita pamsika Lamlungu n'kukauza aliyense wogulitsa fodya. Munthu wonyanyala safunsa kuti masiku atsala angati. Apongozi anu anachita masamu pasikelo paja: makilo 40, masiku 24. Bambo wodwalapo sitiroko, womwa mankhwala tsiku lililonse, akudzipha ndi njala kuti akwane m'galimoto yanu. Sakukulangani ayi, akuyesetsa kuti musawasiye. Kugalaja sakubwera chifukwa munthu sangagwire sipanala atadya nkhaka zokha.

Chiyambireni kukoka mwendo uja, akhala akuopa tsiku limene wina adzanene kuti asanduka katundu. Chipongwe chanu cha zaka zonsezi chinkadutsa chifukwa munkanena munthu wamphamvu. Chaka chino munanena munthu wamantha, pamaso pa madalaivala a malole, pambali pa kanyumba komwe ankaganiza kuti munamangira iwo. Zandikwiyitsa, ndipo zandimvetsa chisoni, chifukwa ndikuona kuti mumawakonda koma simukuona zomwe zili pamphuno panu.

Lero lomwe, Dorinah apite nawo kuchipatala, akawayeze magazi ndi shuga, ndipo akauze anamwino zoona zake za masiku asanu ndi anayiwa. Inu mugule mpunga ndi nkhumba yootcha, mupite nazo nokha, osatuma mkazi. Mukafunse kaye anamwinowo kuti adye wochuluka bwanji, mimba yanjala siyofulumira nayo. Mupepese ndi pakamwa pomwe munalakwirapo, popanda nthabwala ngakhale imodzi. Ndikudziwa kuti zikuvutani kuposa matope ofika m'khosi.

Akapeza mphamvu, bwererani kwa Salmiah. Thanki ikhale yokhuthula, chisipika chitsale kunyumba, Dorinah ndi zigubu zikhale m'kati, a Yapin akhale pampando wakutsogolo ndipo asatsike. Mumupemphe Salmiah awerenge nambala mokweza, madalaivala aja amve.

Chenjezo langa ndi ili. Musakawauze kuti, "Musadandaule, tidzakufinyani penapake." Chifundo chotere n'chimene akuthawa. Auzeni zoona, kuti popanda khutu lawo Nguluwe singamalize tsiku loyamba, ndipo kuti kasikelo ka aneba kabwerere kwa eni ake. Sikelo ya malole ikadzakanabe, musayang'ane mpando wakutsogolo. Basi yopita ku Kota Kinabalu, komwe mungakwerere ina ya ku Kota Belud, imanyamuka m'mawa uliwonse, ndipo Dorinah angathe kugwira chiwongolero. Ulendo uno wotsika ndinu.

Aphungu