Ndiwanamize bambo kuti amalize gemu yanga?

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba. Nkhani yanga ndi ya gemu, ndiye mwina muyamba mwaseka, koma ine ikundidya mutu.

Kwa zaka ziwiri, ine ndi mnzanga Teddy, yemwe tinaphunzira limodzi za makompyuta, takhala tikupanga gemu yathuyathu pa laputopu. Ndi ya mtundu uja woti wosewera amaona zonse ngati ndi maso ake, mfuti ili m'manja patsogolo pake. Nkhani yake ndi yopeka: zigawenga zalanda damu pamwamba pa phiri, mipopi m'tauni yauma, ndiye iwe ukukwera wekha kuti ukatsegule madzi. Teddy ndiye amajambula mitengo ya paini, miyala ndi nkhungu. Ine ndimakonza nkhondo yake: mdani aime pati, aombere liti, agwe pa chipolopolo chachingati.

Gemuyi ndinaiyambira bambo anga. Iwo ndi msilikali wopuma, anali sajeni wophunzitsa anzawo kuombera. Ndili mwana ankanditenga kukakwera phiri wapansi, n'kumandifunsa m'njira kuti, "Atakuthamangitsa pano, ungabisale pati?" Ndikaloza mtengo, ankaseka amvekere, "Kamtengo kameneko n'kochepa kuposa mutu wako." Zaka zitatu zapitazo anadwala sitiroko. Anachira ndithu, amayenda, amalankhula, koma dzanja lamanja limanjenjemera, ndipo phirilo amangoliyang'ana ali pakhonde. Ndinalumbira mumtima kuti adzalikweranso, ngakhale pasikirini.

Gemu ikamayamba, munthu amasankha kuti ikhale yovuta bwanji. Tinaika milingo itatu, ndipo mayina anatchula ndi Teddy: Mwana, Mnyamata, Msilikali. Ine ndinaseka n'kuvomera. Kuti Msilikali avute, ndinachita zimene zinali pafupi. Mdani amene pa Mwana amagwa ndi zipolopolo ziwiri, pa Msilikali ndinamupatsa zisanu ndi zitatu. Ndinachotsanso kachithandizo kamene kamakhazikitsa mfuti pa mdani, ndipo kuti uombere umayenera kugwira batani lina uku ukudina lina.

Tsiku la Idi yomasula, ija yotsekera mwezi wosala kudya, titatha kudya masana, abale atadzaza pabalaza, ndinalumikiza laputopu ku TV kuti ndionetse ntchito yanga. Tinatsata lamulo la m'malo onse a magemu kuno: wafa, apereke padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera kaja. Anayamba ndi alamu anga a Idrissa, amuna a achemwali anga. Anasankha Msilikali, anafika pageti lachiwiri, n'kufa. Kenako anagwada bwinobwino n'kupereka padi kwa bambo: "Apongozi, tawaonetsani anawa mmene zimakhalira."

Mayina atatu aja anaonekera pa TV. Ndinawanong'oneza kuti, "Baba, yambani ndi woyambawu." Anauwerenga, n'kundiyang'ana. "Iwe, pamaso pa mkamwini ndisankhe Mwana?" Anasankha Msilikali.

Aphungu, sanadutse geti loyamba. Mfuti inkavina pasikirini monga dzanja lawo. Komabe anabisala kuseri kwa mwala woyenera, anadikira, ndipo anamulasa mlonda wa pagetilo kasanu, ndinawerenga. Mlondayo anangobwerabe n'kuwapha. Palibe amene analimba mtima kuwalanda padi, choncho anayesanso kawiri, zomwezo. Kachitatuko anaiika patebulo pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Munthu womuombera kasanu pachifuwa iye n'kumabwerabe, ameneyo si munthu, ndi chulu. Ine kuombera chulu sindinaphunzitsepo munthu." Anthu anaseka poyesa nthabwala. Ine ndinaona akubisa dzanja lija m'thumba la mkanjo akutuluka kupita pakhonde, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

Papita masabata asanu ndi limodzi. Ndikatsegula laputopu pabalaza, iwo amanyamula wayilesi yawo n'kutuluka. Za gemu sanatchulenso.

Ndiye ndinaganiza nzeru. Ndakonza batani lachinsinsi. Ndikalidina ndisanawapatse padi, pa TV pazilembedwa Msilikali, koma kunsi kuzikhala Mwana: adani ogwa msanga, oombera mophonya. Abale akumananso kwathu pa Idi ya mbuzi, kwatsala masabata anayi, ndipo ndikufuna bambo akafike padamu pamaso pa anthu omwe aja anaseka.

Nditamuuza Teddy, anakana kwamtuwagalu. Anati, "Sisi, ukachita zimenezo dzina langa ulichotsepo. Msilikali ndi Msilikali. Gemu yovuta ndi yovuta basi, wosatha akaphunzire." Ndinamuyankha kuti n'kosavuta kulankhula choncho munthu uli ndi manja awiri abwinobwino. Ndi sabata tsopano tisakulankhulana, ndipo popanda iye gawo lomaliza la padamu silitha.

Batanilo lilipo kale, linangonditengera masana amodzi. Changotsala n'kulidina. Kodi kunamiza kholo chifukwa choti ukulikonda n'kulakwa? Chimene sindingachite n'kuisiya nkhaniyi. Bambo anga akwera phiri limeneli, kaya zivute zitani.

M.S., Matawale, Zomba

Okondedwa a M.S.,

Batanilo lifufuteni lero lino, musanamalize n'komwe kuwerenga yankho langa.

Sindikunena za tchimo, zimenezo akuuzani ashehe. Ndikunena kuti mugwidwa. Mwaiwala lamulo lanu lomwe lija: wafa, apereke padi. Bambo akadzaisiya, idzapita m'manja mwa a Idrissa, amene anamulawa kale Msilikali weniweni. Adzaona adani akuyoyoka ngati mango akupsa, n'kufunsa mokweza, mosadziwa kanthu, kuti, "Kodi mwaifewetsa?" Ganizirani nkhope ya bambo anu pamenepo. Ndipo ngakhale alamu anuwo atakhala chete, munthu amene waphunzitsa anzake kuombera moyo wake wonse amadziwa kumene chipolopolo chapita. Adzaona kuti dzanja linagwedera koma mdani wagwa. Pa Idi yoyamba anachita manyazi ndi dzanja lawo. Pa yachiwiri angadzadziwe kuti mwana wawo amawaona ngati wodwala wofunika kumupusitsa, ndipo bala limeneli ndi lalikulu kuposa loyambalo.

Ine za magemu sindizidziwa, changa ndi bawo. Ndiye nditalandira kalata yanu ndinapita pamalo ena a magemu ku Chikamveka, ndinakhala pabenchi ola lathunthu ngati munthu wosowa chochita. Mwa onse amene anagwira padi, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasankha zophweka. Ankafa ngati ntchentche koma osasintha, chifukwa kumbuyo kwawo kunali anthu akuonerera. Kwathu kuno gemu sitisewera patokha m'chipinda, timasewera pagulu. Manyazi anapha Lambe. Tsono inu ndi Teddy munatenga mlingo wophweka n'kuupatsa dzina loti Mwana, n'kuuika pamaso pa sajeni, mkamwini atagwada pambali. Munkayembekeza kuti atani? Khomo limenelo munalitseka nokha bambo asanagwire padi.

Chachiwiri chikupwetekani pang'ono, koma mwandifunsa. Mawu a chulu aja sinali nthabwala, sikunalinso kudzikhululukira. Mphunzitsi ankakuuzani pamene ntchito yanu yalakwika, ndipo ananena zoona. Kuonjezera zipolopolo pa mdani yemweyo n'kumati gemu yavuta kuli ngati kuthira tsabola wambiri m'ndiwo zosapsa. Mwalemba nokha kuti anasankha mwala woyenera, anadikira, analasa kasanu. Mutu wawo unapambana. Gemu yanu ndi imene inakana kuvomereza.

Ndiye chitani izi. Mawa pitani pakhondepo ndi kope ndi cholembera, laputopu muisiye m'chipinda. Kuthyola ndiwo n'kuwerama. Auzeni kuti, "Baba, mlonda uja ndinamulakwitsa. Weniweni akanaima pati?" Musawapemphe kusewera. Apempheni kuphunzitsa, poti ndiyo ntchito yawo. Afunseni chimene chimapangitsa mdani kukhala woopsa. Ndikukhulupirira sakanena kuti ndi chifuwa cholimba. Akakuuzani za amene amamva mapazi ako pa masamba ouma, amene amakuzungulira kumbuyo anzake akukusokoneza kutsogolo, amene amadikira nkhungu. Zimenezo ndiye zikhale zosiyanitsa milingo yanu. Mdani aliyense, pa mlingo uliwonse, azigwa ndi zipolopolo ziwiri kapena zitatu ngati munthu. Pa mlingo wovutawo azichenjera, ndipo wosewera zipolopolo zizimuchepera. Mukatero, munthu wodekha ndi wodziwa kubisala adzaposa wa zala zothamanga.

Nkhani ya dzanja muisiyanitse ndi nkhani ya mutu. Ikani poyera, pamene aliyense angaone, malo okonzera padi kuti igwirizane ndi dzanja la munthu: kukhazikitsa mfuti kuti isavine, kuombera ndi batani limodzi, kuchepetsa liwiro lotembenukira. Zimenezi zizipezeka pa milingo yonse, wovutitsitsa womwe. Pabawo pathu pali mkulu wina amavala magalasi, wina timamusunthira njomba, timiyala tosewerera tija, chifukwa zala zinauma ndi nyamakazi, iye n'kumangotiuza poyambira. Palibe amene anayamba wanena kuti awiriwa amabera, ndipo wa nyamakaziyo amatidya tonse. Kusiyana kwa zimenezi ndi batani lanu n'kwakuti izi bambo azisankha okha, akuona.

Mayina aja achoke. Inu mwakulira m'tsinde mwa phiri limeneli, mukudziwa kuti njira zokwerera n'zingapo. Pali msewu wa tala wokhotakhota, pali Njira ya Mbatata imene amayi amatsikira ndi mitolo pamutu, palinso kungolunjika pathanthwe. Tchulani milingo yanu mayina a njira. Munthu akasankha msewu sanavomere kuti ndi mwana, wangosankha podzera.

Teddy muimbireni foni, ndipo muyambe ndi kumuuza kuti pa batani lija ananena zoona. Mukatero mumuuzenso kuti pa mawu akuti wosatha akaphunzire analankhula ngati munthu amene sanadwalepo. Musakangane naye kachiwiri. Mubwere naye pakhondepo, akhale pansi amvetsere sajeni akufotokoza mmene geti amalilondera. Mnyamata wokonda gemu yovuta sangachoke pamenepo osatenga kope lake. Gawo la padamu mulimalizira limodzi.

Bambo akadzafuna kuyesa, ndipo mudikire anene okha, pakhale inu awiri basi, lamulo lopereka padi mutalisiya panja. Afe kakhumi, kamakumi awiri, popanda wowawerengera.

Chenjezo langa ndi ili. Khama lanu ndalikonda, koma lumbiro lija munalumbira ndinu, si iwo. Mwina pofika Idi adzakhala akulimbanabe ndi geti lachiwiri. Mwina pagulu sadzafunanso kugwira padi, adzangokhala pampando n'kumauza a Idrissa kuti, "Osati mtengo umenewo, bisalani kuseri kwa mwala." Zikadzatero musawakakamize, ndipo musadzabwerere ku batani lija poona kuti masiku atha. Phirilo silisamuka, Idi idzabweranso.

Tsiku limene adzafike padamu, kaya ndi mwezi wamawa kaya chaka chamawa, adzaika padi pansi n'kutembenukira kwa inu, chifukwa amadziwa amene anakonza nkhondoyo. Adzakufunsani kuti, "Mwananga, ndafikadi ndekha?" Konzani gemu yanu kuti mudzathe kuyankha kuti inde mukuwayang'ana m'maso.

Aphungu