Funso nambala 14

LACHINAYI

Chitsirizira, 10:12
achemwali ndili kwa dokotala wa oyendetsa ndege, andipatsa fomu ya medical. popanda iyi layisensi yanga ija ndi pepala chabe

Chitsirizira, 10:13
funso 14: munakomokapo pa miyezi 12 yapitayi? yes or no

Achemwali, 10:21
ndili mu wodi ndikugawa mankhwala. ukundifunsiranji, yankho ukulidziwa

Chitsirizira, 10:22
kanali kamodzi kokha, kubafa kwanu kuja, ndisanadye. munaona ndinu nokha

Chitsirizira, 10:23
ndikalemba yes andiimitsa mpaka atandiyeza mtima. mwina miyezi. zaka zitatu ndikuphunzira, mayeso onse ndakhoza. loweruka lino ndimati passenger wanga woyamba akhale adadi

Achemwali, 10:36
[uthenga wa mawu, 0:31] "Iwe, amene ndinakudzutsa pansi paja ndine, milomo ili mbuu ngati phulusa. Sindiuza munthu, fomu ndi yako. Koma layisensiyo imakulola kunyamula anthu, ndipo m'kandege kaja woyendetsa ndiwe wekha. Ukakomokera kumwambako, adadi agwira chani?"

Chitsirizira, 10:38
zaka 30 akuthira mafuta m'ndege za eni, osakwerako ngakhale kamodzi. auza kale msewu wonse

Achemwali, 10:39
kuthira mafuta amatha, kuyitsitsa ayi. ngakhale remote ya tv imawavuta

Chitsirizira, 10:39
kkk musandiseketse plz, misozi ikulengeza m'maso anthu akundiyang'ana

Achemwali, 10:41
mwina inali njala basi. mwinanso ayi. ine ndine nesi koma sindidziwa, iwenso sudziwa

Achemwali, 11:10
ulipo?

Achemwali, 11:47
[foni yosayankhidwa]

Achemwali, 12:30
mwana wa amayi, ndiyankhe

Chitsirizira, 13:15
ndinalemba no

Chitsirizira, 13:16
anandiyeza maso, makutu, bp, zonse bho, nkusayina. ndafika mu galimoto ndakhala mphindi 40 makiyi ali m'manja. ndimangowaona adadi atamanga lamba pambali panga akumwetulira

Chitsirizira, 13:17
ndabwerera ndapempha fomu ina

Achemwali, 13:18
adokotala akuti bwa?

Chitsirizira, 13:20
anandipatsa bolopeni yawo, ndalemba yes. lolemba ndikayezetse mtima. kuuluka ayi mpaka results, ngakhale ndekha

Achemwali, 13:21
lolemba ndili off, tipitira limodzi. wadya?

Chitsirizira, 13:21
ayi

Achemwali, 13:22
mutu wakowo. kadye

Achemwali, 13:40
adadi ndiwauze ine?

Chitsirizira, 13:44
ayi. ndinawalonjeza ndine

Chitsirizira, 16:05
ndili pa geti. ali pakhonde akupolisha nsapato, jekete ayanika pa chingwe

Chitsirizira, 16:06
andiona. akundibayibitsa ndi bulashi

Achemwali, 16:06
lowa