Njinga ya adada yasanduka ng'ombe

Loweruka, mu Juni. Kwazizira, mtimanso wazizira.

Lero ndinapita kumudzi ku Engutwini pa njinga yamoto ya malemu adada, ulendo woyamba chiikonzereni. Ndimafuna akandiyamikire. Digiri sichiza uchitsiru.

Njinga imeneyi inakhala zaka zambiri kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pansi pa injini. Nthawi imeneyo inalibe mwini. Ine ndinaitola, ndinapala dzimbiri ndi manja angawa, masipoko ndinachita kukasaka ku Mzuzu. Thanki ndinaipaka utoto wofiira uja ankaukonda adada, chishalo n'kusoketsa cha chikopa chenicheni.

Nditafika kumudziko, abambo aakulu anaizungulira, akuisisita ngati akupima nthiti za ng'ombe.

"Yewo chomene, mwana wanga, wasamala chuma cha banja," anatero. "Mbwenu tiigulitse, tipeze ng'ombe za malowolo a mng'ono wako Yotamu."

Ndinati, "Nanga thukuta langa, adada?"

"Thukuta salowolera mkazi."

Yotamu yemweyo, amene sanandigwirireko ngakhale sipanala, anandifunsa ngati ingathe kunyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga. Kani wogula anamupeza kale, wakabaza wa pa boma, ndipo abwera Lolemba. Njingayo aitsekera m'nyumba, akuti ndingaikande pamsewu.

Ndabwerera kuno pa kabaza, nditavala helemeti yanga yonyezimira, nditakumbatira msana wa munthu wosamudziwa. Pulagi yolizira injini yokha ndiyo ndinaizembetsa m'thumba, nayi pa tebulo. Ndikudziwa kuti mapulagi ali mbwee pamsika, komabe...