Nsomba ya Buluu Kuseri kwa Tailosi

Lolemba, 20 Novembala

Ayamba. A Pakkirisamy, mmisiri wa madenga, afika m'mamawa, akazi awo a Anjalai ali pambuyo atasenza makwerero. Bambo wamfupi, wamatewe, koma akakwera padenga amayenda ngati ali pabwalo. Ine ndatenga tchuthi cha sabata yonse ku laibulale ya koleji. Ndinati ndikukayang'anira ntchito. Kuyang'anira chiyani? Lero ndangofulula khofi katatu.

Ntchito yake: kutsitsa matailosi onse, kusintha mbalo zofumbwa, kuwabwezera, kenaka kumanga tailosi iliyonse ndi waya kuti namondwe asapeze pogwira.

Tailosi iliyonse a P. amaigogoda ndi mphete yawo. Yabwino imati ngwe ngati kabelu, yamng'alu imangoti phu. Yabwinoyo amaiponya pansi, a Anjalai n'kuiwakha osayang'ana n'komwe.

"Akulu inu, ponyani bwino! Mukufuna ndiguluke mano ngati inu?"

"Akaguluka mwina pakamwapo papumako."

Tsiku lonse choncho. Ndimaseka ndili kukhitchini kuti asandione.

Pofika masana chipinda chapakati chinalibe denga. Thambo m'nyumba! Amma, mayi anga, anakhala pampando pakatikati atafunda ambulera, akuseka ngati mtsikana, khwangwala akuwasuzumira ali paphaso.

Kuseri kwa tailosi iliyonse kuli kansomba ka penti ya buluu. Dzanja la Appa, malemu bambo anga. Ndinali nditaiwala kuti ndi tambiri chonchi, chifukwa utsi unatiphimba. Mumsewu wathu uno nyumba iliyonse ili ndi chizindikiro chake kuyambira nthawi ya agogo. Namondwe akapita, tailosi yomwe yagwera pamchenga osasweka umaitembenuza, n'kukaipereka kwa eni ake. Zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirireni Appa, koma michira ya tinsombato ikadali yopindika monga ankalembera dzina lawo.

Madzulo Anna, ndiko kuti mchimwene wanga Kathiravan, wayimba kuchokera ku Chennai. Mawu omwe aja: "Thenu, ine ndanena. Denga limenelo likasasuka chaka chino, Amma ndidzawatenga, nyumbayo tigulitsa." Mchimwene wangayu si woipa, ndi mantha chabe. Koma kwake ndi pansanjika yachisanu ndi chiwiri. Amma ndi chiuno chawocho, azikajambula kuti maluwa awo a ufa wa mpunga m'mawa? Pakhomo la chikepe?

Lachiwiri, 21 Novembala

Osweka ndi amng'alu: 58.

Ndinati palibe vuto, ndinakwera basi kupita kusitolo ya zomangira, ndabwera ndi tailosi imodzi yoyesera. Ndinali wonyada ndithu. A P. anaiyika pambali pa yakale, n'kundiyang'ana ngati ndabweretsa mphaka m'malo mwa mbuzi. Yatsopanoyo ndi yaifupi ndi chala chimodzi, ndipo mizere yake sikulumana ndi yakale.

"Mayi, izi zili ngati kukwatitsa anthu osafunana. Mphepo ikangokhosomola, banja latha."

Fakitale yomwe inkaumba akalewa inatsekedwa ine ndisanabadwe. Kusintha denga lonse n'kosatheka sabata ino. Ndipo wailesi yati kunyanja kwayamba kutukusira. Padoko akweza chizindikiro choyamba chochenjeza za namondwe. Akuti mwina Loweruka.

A P. sanatekeseke. Akuti msewu wonse uno unafoleredwa ndi matailosi a bwato limodzi, ndipo amene anathira denga la simenti sanataye akalewo, anangowaunjika kuseri. "Pitani mukapemphe. Khomo ndi khomo."

Khomo ndi khomo. Ine.

Ndabadwira mumsewu uno, zaka 36, koma ndimadutsa nditaweramitsa mutu, kupereka moni ndi chibwano. Sikuti ndimadana ndi munthu. Kungoti ndikatsegula pakamwa, mawu amatuluka ngati kalata ya ku ofesi. Ndinalemba mayeso a digiri yachiwiri osanjenjemera, koma geti la a Rukkumani, aneba athu, limandibweza.

Ndalemba zokanena pakapepala. Ndafufuta kanayi.

Lachitatu, 22 Novembala

Ndinafika pageti la a Rukkumani. Ndabwerako ndi ma idli khumi, makeke awo ampunga aja, omwe sitimawafuna.

A Anjalai adya asanu, n'kunena kuti ofewa chonchi sangafolere nyumba. Padoko, chizindikiro chachitatu. Mabwato onse abwerera. Mbali ya kunyanja ya denga lathu ikadali pululu, angoyala lona.

Lachinayi, 23 Novembala

Sindikudziwa poyambira. Manja akuwawa, cholembera chikuterereka.

M'mawa ndinapeza Amma avala sari yawo yopitira kukachisi, ndodo ili m'manja. Ndinafunsa kuti ulendo wa kuti. "Kukapempha matailosi. Iwe khala, uwerenge." Sananene mokalipa, n'chifukwa chake zinandilasa. Kufika pageti pokha kumawatengera nthawi yophika mpunga. Ndinawakhazika pansi, ndinatuluka ndisanaganize, kapepala kaja ndinakaiwala patebulo.

Ndinayambira kwa a Jainulabdeen, aja ankakonza mainjini a mabwato, chifukwa samva bwino ndiye ndimati mwina saona manyazi anga. Ndinayamba: "Pepani kukusokonezani, ndabwera pa nkhani yokhudza..." Iwo: "Ati chiyani?" Ndinabwereza. "Kweza mawu, mwana wa Velayudham!" Mapeto ake ndinakuwa pakati pa msewu: "MATAILOSI!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ananditengera kuseri, pansi pa mtengo wa bwemba, pomwe pali mulu wokutidwa ndi ukonde wakale. Ndinayamba kutembenuza. Nangula wobiriwira, chizindikiro chawo. Nangula. Nangula. Kenaka nsomba ya buluu. Ina. Ina. Zisanu ndi zinayi.

Ndinaganiza kuti zinauluka n'kusabwezedwa, ndinachita manyazi m'malo mwawo. Ayi. Akuti namondwe wa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo atasasula chipinda chomwe munali mwana wawo wamkazi ndi khanda la masiku anayi, Appa anabwera m'mawa mwake ndi matailosi pa njinga. Anati ndi otsala, angowapinga pakhomo.

Otsala! Chaka chimenecho kachipinda kathu kosungira katundu kanakhala ndi lona mpaka mvula inanso, mabuku anga a chaka chomaliza anachita nkhungu, ine ndinafufuma ndi mkwiyo mwezi wathunthu. Appa anati mphepo inatenga. Mphepo yake inali ya njinga.

Ndinalira pang'ono. A J. ananamizira kufunafuna chingwe.

Kumeneko ndinapeza 22. Potuluka, a Rukkumani anali ataima pageti lawo, manja m'chiuno. Anamva kukuwa kuja, monga msewu wonse.

"Ohoo, kani pakamwa palipo? Ine ndimayesa anakusoka ku yunivesiteko."

Ndinati pepani, Akka, achemwali anga, ndine wamanyazi chabe.

"Manyazi! Zaka zonsezi ine ndimati umatinyansidwa ife ogulitsa idli. Dzulo unabwera, maso ali pakhola la nkhuku zanga, n'kugula idli khumi. Umayesa sindinaone? Ndimadikira unene."

Khola la nkhuku zawo ndi lofolera ndi matailosi akale. Anathamangitsa nkhuku, anayamba kusasula okha, uku akukuwa mayina a anthu kudutsa mipanda. Sanapemphe, anangolamula. Pasanathe ola, anthu anali atandanda kuchokera kumapeto kwa msewu mpaka pakhomo pathu, tailosi kuchoka m'manja kulowa m'manja. Ena sindidziwa mayina awo, koma onse amadziwa langa. Mayi wina anati ndili wamng'ono ndinkawerengera ana ake nthano pakhonde pathu. Sindikukumbukira. Kapena ndikukumbukira pang'ono.

A P. anagogoda iliyonse. Anakana zinayi, eni ake n'kutsutsa ngati awanyozera mwana. Zolira bwino: 61.

Amma anaphika khofi mumphika wa pa ukwati. Makapu sanakwane.

Lachisanu, 24 Novembala

Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri. Kunja kuli bata loopsa lija, nyanja ikumveka mpaka kukhitchini.

Nthawi inachepa, ndiye a Anjalai anandiyimika pamakwerero, pakati: iwo aponye, ine ndiwakhe, ndipatsire a P. Ndinati sindingathe. "Ndakufunsa ngati ungathe?" Yoyamba ndinaphonya, phwa. Yachiwiri inandimenya pachifuwa, phwa. Zatsala 59, zofunika 58.

"Usaiyang'ane ngati mayeso," anatero. "Ilandire ngati akukupatsira mwana."

Yachitatu inangokhala m'manja mwanga yokha. Kenaka ina, ina. Pali kamvekedwe kake: iwo amati "hm", ine ndawakha, a P. atenga, waya kwe. Ndinasiya kuwerenga. Ndikukhulupirira ndinayimbako, chifukwa a P. anafunsa ngati pali mbuzi yodwala pafupi.

Kumanga waya ndi ntchito yosaoneka. Kuseri kwa tailosi kuli kabowo kakang'ono, waya amalowa mmenemo n'kuzungulira mbalo. Akuti amisiri aulesi amamanga mzere wam'mphepete wokha, chifukwa mwini nyumba sakwera kukaona. "Koma namondwe amakwera." Atatha anathira mikwingwirima ya simenti pamwamba, kuchokera pamsana wa denga kutsika, kuti ipsinje. Akuti siuma bwinobwino pofika mawa, ndiye chikhulupiriro chathu chikhale pa waya.

Asanatseke mzere womaliza anafunsa ngati ndikufuna kufufuta zizindikiro za eni ake n'kujambulapo nsomba. Penti ndinali nditagula kale. Ndinayang'ana Amma.

"Zisiyeni," anatero. "Zikauluka zidzadziwa kwawo."

Anna wayimba katatu. Kachitatu a Rukkumani analanda foni: "Iwe Kathiravan, ndinakusambitsapo iwe. Amayi ako ali bwino. Gwira ntchito." Anadula. Sindinaonepo munthu akumudulira foni Anna.

Tailosi yotsala imodzi ija ndaiyika pansi pa bedi langa. Sindikudziwa chifukwa chake.

Loweruka, 25 Novembala

Magetsi anazima m'mawa. Ndikulemba pafupi ndi zenera, masana koma ngati kwada.

Mphepo yafika cha m'ma 11. Simawomba mosalekeza, imabwera ngati munthu wokankha chitseko ndi phewa, kubwerera, kudzakankhanso. Ikakankha, denga lonse limapuma. Ndikuliona ndi maso: matailosi kudzuka pang'ono, n'kukhalanso. Kulira kwa waya ngati mano akukukutika. Nthawi iliyonse ndimaganiza za ziwiri ndinaswa zija, za simenti yosauma, za pansanjika yachisanu ndi chiwiri.

Amma anayala mphasa pakati pa chipinda, anagona chagada, anati ndigone pambali pawo. Ndinayesa atopa. Ayi, amafuna kuwerenga denga. Anandipatsa tochi.

"Nangula uyo, Jainulabdeen. Duwa lofiira, Rukkumani, analijambula mwamuna wake, taona kupindika kwake, anali ataledzera. Mtanda woyera, a kwa Arokiam. Makwerero awo ndi a mphunzitsi uja anasamukira kwa mwana wake." Nyumba iliyonse ndi nkhani yake, ndani anathawa ndi ndani, ndani ankaba mango athu. Mphepo ikakankha amangokweza mawu. Pakati pa zonsezo, tinsomba ta Appa, ndi tisanu ndi tinayi tija tabwerera kwathu.

Ndinawafunsa ngati ankadziwa za njinga ija. Anaseka. "Unkayesa anamugwirira makwerero ndani?"

Cha m'ma 3 china chake chinagunda padenga, gu! Ndinawalitsa tochi m'mwamba. Kokonati. Padontha pamodzi, pakona ya kukhitchini. Ndatchera poto wa mkaka. Tho. Tho. Amma akuti dontholo likumveka bwino kuposa wailesi.

Lamulungu, 26 Novembala

Lilipo. Denga lilipo!

Ndinatuluka kutangocha, ndinazungulira nyumba kawiri. Mtengo wa mango wathyoka nthambi yaikulu, mpanda wakuseri wagona, msewu wadzaza makwaule a kokonati ndi mawaya. Padenga, tailosi imodzi yokha yosweka, pomwe panagwa kokonati paja. A P. anadutsa m'ma 7 akuyendera madenga awo onse ngati dokotala. Ndinathamangira pansi pa bedi. Anaigogoda, ngwe, anakwera, anaiyika. "Mwayamba kuganiza ngati mmisiri," anatero. A Anjalai: "Musamunamize, angasiye ntchito."

Foni inagwira pang'ono masana. Anna anafunsa mafunso khumi mpweya umodzi. Amma anangoti, "Ndauma ngati tsabola, mwanawe." Kenaka ndinamva Anna akufwenthera. Anati tidzaona chaka chamawa. Amma anati abwere pa chikondwerero cha Pongal adzaone yekha, ndipo abweretse makapu.

Pakhomo Amma ajambula maluwa awo a ufa pamatope pomwepo. Sanaoneke bwino. Sanasamale.

Posesa kuseri, pakati pa nthochi zogwa, ndapeza tailosi yathunthu itazika mumchenga. Si yathu. Kuseri kwake kuli timadontho titatu tachikasu. Amma akuti ndi nyumba yomaliza kufupi ndi mlatho, muli anthu achilendo alendi, sakuwadziwa ngakhale mayina. Mwina anthuwo sadziwa n'komwe kuti tailosi imabwezedwa.

Ndaitsuka. Kapepala sindinalembe. Ndimaliza ndikabwerako, nsapato zanga zili kuti